Zonse zimatuluka m'chikombole, koma ingot si njerwa

Anthu akaona pa TV golide atasanjidwa m'chipinda chotetezedwa cha banki, ambiri amati ndi njerwa za golide. M'pomveka, poti maonekedwe ake ndi ofananadi. Koma ife a ntchito yosungunula zitsulo timati imeneyo ndi ingot, ndipo kusiyana kwake kwagona pa zimene moto umachita pa chilichonse mwa ziwirizi.

Njerwa ndi dothi. Woumba amaliponda, kuliika m'chikombole lili lonyowa, kuyanika, kenako kuotcha mu uvuni. Kutentha kukayandikira madigiri 1,000, dothilo limasinthiratu, moti simungalinyikenso m'madzi kuti muumbe china. Njerwa yopsa ndi chinthu chomalizidwa, chimangodikira mmisiri woti achiike m'khoma.

Ingot ndi chitsulo chimene chasungunulidwa, kuthiridwa m'chikombole chili madzimadzi, n'kulimba chikazizira. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, golide pa 1,064. Palibe amamangira nyumba ingot. Amaiumba choncho kuti isavute kusunga, kunyamula ndi kugulitsa, ndipo wogula amakaisungunulanso kapena kuiphwanthaza kuti apange waya, malata ngakhale zipangizo za galimoto. Fakitale ya Mozal, pafupi ndi Maputo, inayamba kutumiza kunja aluminiyamu wotere m'chaka cha 2000. Mukaiyang'anitsitsa ingot, m'mbali mwake ndi mopendekeka pang'ono, cholinga chake isakanirire m'chikombole poitulutsa.

Pa malonda m'pamene ndimafuna anthu amvetsetse. Njerwa timagula powerenga, zikwi zakutizakuti, ndipo imodzi ikabenthuka pangodya palibe amadandaula. Ingot amaiika pa sikelo, n'kuyezanso ngati chitsulocho sichinasakanizidwe ndi china. Pa msika wa golide wa ku London, ingot yovomerezeka imalemera pafupifupi makilogalamu 12.4, golide weniweni asachepere 99.5 peresenti, ndipo imadindidwa nambala ndi chizindikiro cha amene anaiyenga. Ndi yocheperapo poyerekeza ndi njerwa wamba, komabe imalemera kuiposa kangapo konse, pakuti golide amalemera kuposa madzi ochuluka mofanana naye ka 19. Wina akakutsatsani “njerwa ya golide” yaikulu choncho imene mukuinyamula mosavuta ndi dzanja limodzi, musatulutse ndalama.

Komanso sikuti ingot iliyonse imakhala ya ngodya zinayi. M'manda akale a ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, omwe anapezeka mu 1960, munali ma ingot a mkuwa ooneka ngati mtanda. Amalonda a nthawi imeneyo ankasinthanitsa mkuwawo ndi katundu wina, ndipo amisiri ankausandutsa waya ndi zibangili.