Sikelo ya Charlson: mmene madokotala amayezera chiopsezo cha imfa kwa odwala matenda angapo

Amene munakhalapo gadiyani mu wodi ya akuluakulu mukudziwa kuti masiku ano wodwala sabwera ndi nthenda imodzi ayi. Agogo agonekedwa chifukwa cha chibayo koma mukatsegula kabuku kawo ka kuchipatala mupeza muli shuga, mtima, impso nazo zayamba kufooka, ndiye funso lomwe limatizunza tonse ndi lomwe lija, "adokotala, kodi achira?" Pali njira ina yowerengera yomwe madokotala ndi ochita kafukufuku amagwiritsa ntchito, ndipo popeza ikupezeka pa intaneti anthu akumadziwerengera okha pa foni nkuyamba kulira maliro munthu ali moyo. Nchifukwa chake ndati tiikambe bwinobwino.

Kodi Charlson ndi chiyani?

Ndi dzina la munthu, Dr Mary Charlson, dokotala wa ku New York ku America. Mu 1987 iye ndi anzake anatulutsa njira yoperekera mapointi ku matenda okhalitsa omwe wodwala ali nawo kale pofika kuchipatala. Anatsatira odwala 559 omwe anagonekedwa pachipatala china ku New York mu 1984, nkuona kuti pakutha chaka ndani anamwalira ndani akadali moyo, komanso matenda ati amene ankakankhira anthu kumanda kwambiri. Atamaliza anayesanso sikeloyo pa amayi 685 odwala khansa ya m'mawere omwe anawatsatira kwa zaka 10. Dzina lonse la sikeloyi ndi Charlson Comorbidity Index, pa mapepala amangolemba CCI.

Mapointiwo amawerengedwa bwanji?

Pali magulu 19 a matenda ndipo lililonse lili ndi kulemera kwake, 1, 2, 3 kapena 6. Za pointi imodzi ndi monga mtima womwe unagwidwapo ndi heart attack, mtima wofooka wolephera kupopa magazi bwino, mitsempha ya m'miyendo yotsekeka, sitiroko yomwe sinapuwalitse, kuiwalaiwala kwa dementia, matenda okhalitsa a m'mapapo, zilonda za m'mimba, chiwindi chodwala pang'ono ndi shuga wamba. Mapointi awiri ndi a kufa ziwalo mbali imodzi, impso zowonongeka kwambiri, shuga yomwe yafika poononga maso, impso kapena mitsempha, komanso khansa yomwe sinafalikire, kuphatikizapo ya m'magazi. Chiwindi chowonongeka kwambiri ndi 3. Pamwamba penipeni, mapointi 6, pali ziwiri zokha: khansa yomwe yamwazikira ku ziwalo zina ndi Edzi.

Kenako mumangophatikiza basi. Shuga simuiwerenga kawiri, mumatenga pointi yokulirapo yokha. Mu 1994 anawonjezerapo za msinkhu, ndiye ma calculator ambiri amapereka pointi imodzi kwa wa zaka 50 mpaka 59, ziwiri kwa wa 60 mpaka 69, zitatu kwa wa 70 mpaka 79, zinayi kuyambira 80. Tiyerekeze agogo a zaka 72 omwe shuga yawaononga maso, mtima nawo ndi wofooka: shuga 2, mtima 1, zaka 3, zonse pamodzi 6.

Nanga BP bwanji sindikuiona pa mndandanda?

Mwaona bwino, palibe. Anthu ambiri amadabwa chifukwa BP ndiye nthenda ya pafupifupi nyumba iliyonse, koma sikeloyi imawerenga zimene BP yaononga kale, sitiroko, mtima, impso. Musatenge izi ngati chilolezo chosiyira mapilisi chonde, mapilisi amenewo ndi omwe akutchinga kuti mapointi asayambe kuunjikana.

Nambala ikatuluka yaikulu ndiye kuti m'bale wanga amwalira?

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Pa odwala a ku New York aja, mwa omwe anali ndi 0, anthu 12 pa 100 alionse anamwalira chaka chisanathe. A mapointi 1 mpaka 2 anali 26 pa 100, a 3 mpaka 4 anali 52 pa 100, ndipo a 5 kupita m'mwamba anali 85 pa 100. Manambala oopsa, sindikana. Koma taonani kuti akunena za gulu la anthu, ndiponso gulu la 1984, ndiponso mapointi a matenda okha opanda za msinkhu, ndiye musatenge 6 wa agogo aja uja nkukamuika pa 85. Ngakhale mu gulu la pamwamba lomwelo anthu 15 pa 100 anaona chaka china, ndipo pa gulu la 0 anthu anamwalirabe. Sikeloyi siidziwa ngati mayi anu akudya, ngati akutha kudzuka kupita okha kubafa, ngati mankhwala awagwira, ngati kunyumba kuli wowasamala. Anthu awiri a mapointi ofanana, wina akulima kudimba wina ali chigonere miyezi itatu, pepala lati ndi ofanana koma nesi aliyense akuuzani kuti sichoncho.

Munthu wa HIV yemwe akumwa ma ARV ndiye kuti ali kale ndi mapointi 6?

Ayi, ndipo izi zimandipweteka mtima ndikaona anthu akuzimva molakwika. Choyamba mapointi 6 aja ndi a Edzi yeniyeni, munthu amene chitetezo chatsikiratu ndipo matenda ena alowerera, osati aliyense amene anapezeka ndi kachilombo. Chachiwiri, ganizirani nthawi yomwe anawerengera, 1984 kunalibe mankhwala a HIV ngakhale amodzi, AZT inabwera 1987, mankhwala ophatikiza amphamvu 1996, ndipo kwathu kuno ma ARV aulere anayamba kufalikira mu 2004. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo viral load yake sikuoneka ali kutali kwambiri ndi odwala a nthawi imeneyo. Ofufuza ena, Hude Quan ndi anzake a ku Canada, atawunikanso sikeloyi mu 2011 anatsitsa Edzi kufika pa 4, shuga wamba ndi zilonda za m'mimba anazichotsera mapointi, koma mtima wofooka ndi dementia anazikweza kufika pa 2. Ma calculator ambiri a pa intaneti akadali pa manambala akale a 1987.

Ikugwira ntchito bwino ku zipatala zathu?

Mwapang'ono chabe. TB mulibemo, kuchepa magazi mulibe, kunyentchera mulibe, pomwe izi ndi zomwe zimadzaza mabedi athu. Komanso sikelo imawerenga matenda okhawo amene anapezeka, ndiye bambo yemwe impso zakhala zikufa mwakachetechete zaka zisanu osayezedwapo amatuluka ndi 0 ngati wathanzi.

China nchoti Charlson amayang'ana chaka chonse kapena kupitirira, sikuti amakuuzani zimene zichitike usiku uno. Za usiku uno madokotala amaona kupuma, kugunda kwa mtima, BP, kutentha kwa thupi, mpweya wa m'magazi ndi ngati munthu akuzindikira. Ku Britain anesi amadzaza sikelo ina yotchedwa NEWS2, yomwe imapereka mapointi pa zimenezi. Kafukufuku wina wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2013, anapeza kuti masikelo otere opangidwira maiko olemera sankaloza bwino odwala amene amwalire msanga, ndipo mu 2017 kunatuluka ina yotchedwa UVA yopangidwa kuchokera kwa odwala a kuno ku Africa, yomwe imawerengeranso ngati munthu ali ndi HIV.

Ndiye imathandiza ndani?

Kwambiri ofufuza ndi oyendetsa zipatala. Chipatala chachikulu cholandira odwala otheratu chimakhala ndi maliro ambiri kuposa chaching'ono, ndiye kuti muziyerekeze mwachilungamo muyenera kudziwa kaye kuti odwala ake anabwera atalemedwa bwanji. Madokotala nawo imawathandiza poganizira ngati thupi la munthu lingapirire opaleshoni yaikulu kapena mankhwala a khansa.

Angamukanize chithandizo chifukwa cha nambala imeneyi?

Nambala payokha siyenera kugamula. Dokotala amamuona wodwalayo ndi maso, amamva zofuna zake, amakambirana ndi abale. Akakuuzani kuti opaleshoni siitheka funsani mwaulemu kuti chifukwa chake nchiyani, njira ina ndi iti, ndipo ngati kuchira kwavuta funsani za palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu, morphine alipo ndipo munthu sayenera kubuula usiku wonse.

Ine ngati gadiyani ndichitepo chiyani?

Nyamulani kabuku ka kuchipatala, ngakhale kakale kong'ambika kaja, ndi mapaketi onse a mankhwala omwe akumwa, a zitsamba omwe musabise. Nenani matenda onse, sitiroko ya zaka khumi zapitazo, ma ARV, mowa ngati ankamwa kwambiri. Izi zimasintha mankhwala amene apatsidwe, mwachitsanzo wa impso zofooka kapena zilonda za m'mimba sayenera kumangomwa diclofenac ndi brufen, ndipo metformin wa shuga amachepetsedwa kapena kusiyidwa impso zikafooka kwambiri. Ngati mukusinthana ndi achemwali kapena achimwene pa ugadiyani, lembani zonsezi pa pepala limodzi likhale m'kabukumo, kuti amene apezeke pa bedi nthawi ya raundi ya m'mawa akhale ndi choyankha.