Chifukwa chiyani aphungu athu sakhalitsa pampando?

Chisankho chikangotha, nkhani imakhala imodzi pa Kasungu boma, ku Santhe mpaka ku Nkhamenya: "Tamuchotsa uja." Anthu amanena monyadira, ndipo sanama. Chiyambireni ndale za zipani zambiri mu 1994, aphungu a ku Malawi sakhalitsa. Mu 2009 ndi 2014, oposa awiri mwa atatu alionse sanabwererenso ku Nyumba ya Malamulo.

Kwina sizili choncho. Richard Matland ndi Donley Studlar anaunika maiko 25 olemera, ndipo mu 2004 analemba kuti pa chisankho chilichonse nkhope zatsopano zimakhala pafupifupi imodzi mwa zitatu. Ku America, aphungu oposa 90 mwa 100 omwe aimanso amapambana. Richard Fenno, yemwe ankayenda ndi aphungu m'madera awo m'zaka za m'ma 1970, anadabwa kuona anthu akunyoza nyumba ya malamulo yonse koma akukondabe phungu wawo.

Ife ofufuza za ndale timayamba tasiyanitsa makomo omwe phungu amatulukira. Wina amangopuma kapena kumwalira. Wina amagwa pa mapulaimale. Wina amafika pa tsiku la voti n'kugwa chagada. Tikawaunjika pamodzi timanamizira ovota, chifukwa ena anachotsedwa ndi nthumwi zochepa zachipani pa bwalo la sukulu. Kuno kuchigawo chapakati, komwe MCP ndi yamphamvu, mapulaimale nthawi zambiri ndiye chisankho chenicheni. Ogwa pamenepo ambiri amakaima paokha, n'chifukwa chake mu 2014 aphungu oima paokha anali 52 ndipo mu 2019 anali 55, pa mipando 193.

Funso lovuta n'lakuti, kodi mpandowo umamuthandiza munthu kapena umamupweteka? Sungangowerenga opambana, pakuti phungu angapambanenso chifukwa ndi wotchuka kale, osati chifukwa cha mpando. Njira yomwe David Lee anaitchukitsa mu 2008 ndi iyi: tengani madera omwe awiri anasiyana ndi mavoti ochepa kwambiri, mwina wina anangoposa mnzake ndi mavoti a sitirimu imodzi (mzere umodzi wa ovota pamalo oponyera voti). Awiriwo mphamvu zawo n'zofanana, kusiyana kwake n'kwakuti wina wapita ku Lilongwe, wina watsala. Ndiye muone chisankho chotsatira. Ku America mbali yomwe inatenga mpando ndiyo imakwera. Koma Yogesh Uppal atayesa zomwezi m'zigawo za India mu 2009 anapeza zosiyana: wokhala pampando ndiye amatsika, makamaka komwe zipatala ndi zina zotere n'zosowa. Marko Klašnja ndi Rocío Titiunik anaonanso zofanana pa mameya a ku Brazil.

Chimampweteka n'chiyani? Staffan Lindberg anafunsa aphungu a ku Ghana zomwe anthu amawapanikiza nazo, ndipo patsogolo panali thandizo la munthu payekha ndi chitukuko cha m'dera. Kupanga malamulo kunali kumapeto. Aliyense amene anadutsapo pakhomo pa phungu m'mamawa akudziwa zimenezi. Dzuwa lisanatuluke pamakhala mzere: mayi wanyamula kalata ya fizi ya mwana wa fomu 2, anyamata abwera ndi uthenga wa maliro akufuna bokosi ndi galimoto, komiti ya mpira ikufuna yunifomu. Chaka chomwe fodya wagulidwa motchipa ku Chinkhoma, mzerewo umatalika. Palibe malipiro angakwanire zonsezi. Wopikisana naye amangofunika kuwolowa manja miyezi ingapo ya kampeni, pomwe phungu amakhala atakana anthu kwa zaka zisanu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa ovota, koma silingaletse munthu kupempha bokosi.

Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), lomwe linayamba mu 2006, linalimbitsa maganizo akuti mlatho ndi mjigo ndi ntchito ya phungu, chonsecho malamulo amaika chitukuko cha m'madera m'manja mwa khonsolo. Onjezerani kuti lamulo la 50+1 ndi la pulezidenti yekha. Phungu amapambana ngakhale ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti ngati opikisana achuluka, choncho midzi ingapo ikatembenuka, basi kwatha. Komanso ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko, yomwe inkalola anthu kuchotsa phungu nthawi isanakwane, inachotsedwa mu 1995. Mkwiyo wonse umasungidwa mpaka tsiku limodzi.

Sindikuti anthu amalakwa kuchotsa phungu wothawira m'tauni, ameneyo apite ndithu. Nkhawa yanga ndi yomwe Joel Barkan ankanena pofufuza nyumba za malamulo za mu Africa muno: Nyumba yodzaza ndi alendo imavutika kulondalonda boma. Kuwerenga mabuku a bajeti, kumvetsa lipoti la mkulu wolondoloza za chuma cha boma, kudziwa funso lomwe lingamutulutse thukuta mlembi wamkulu wa unduna mu komiti, zonsezi zimatenga zaka. Munthu akangoyamba kuzidziwa timamubweza kumudzi. Zili ngati kuzula mbande chaka chilichonse n'kumadabwa kuti mthunzi palibe. Amene amapeza mpumulo ndi nduna ndi akuluakulu a m'maunduna. Phungu nayenso akadziwa kuti mwina sabwerera, maso ake amakhala pa ma alawansi ndi unduna, kapena kulumphira ku chipani cholamula.

Chenjezo kwa owerenga manambala a chisankho cha pa 16 September 2025: MEC itadulanso malire, madera anachoka pa 193 kufika 229. Mipando 36 yowonjezerayi inayenera kubweretsa nkhope zatsopano ngakhale pakanapanda phungu wogwa, ndipo aphungu ena akale anaima m'madera omwe midzi yake ina sinawavoterepo. Pofananiza ndi 2019, werengani aphungu akale omwe anaimanso ndi omwe anabwerera mwa iwowo, osati alendo onse omwe analumbira.