Kifissia, kumayadi kwa mzinda wa Athens

Sitima ya magetsi yochokera ku doko la Piraeus imadutsa pakati pa Athens, likulu la dziko la Greece, n'kumakwera pang'onopang'ono chakumpoto mpaka njanji itatha. Pothera pakepo ndiye pa Kifissia. Munthu akangotuluka pa siteshoni amalowa m'paki ya mitengo italiitali, ndipo kampweya kake sikafanana ndi ka m'tauni momwe wachokera. Ife a ntchito yokonza mapulani a mizinda timakonda kufunsa kuti olemera a mzinda uno anasankhiranji kukhala kuno osati uko. Ku Athens yankho lake n'losavuta kulipeza: ankathawa kutentha.

Athens ali m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri a Parnitha, Penteli, Hymettus ndi Aigaleo. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, pamene kwathu kuno tikufunda mabulangete, kumeneko dzuwa limaswa mtengo, masiku ena kufika madigiri 40. Kifissia ali pamtunda, m'munsi mwa phiri la Penteli, lomwe munachokera miyala yoyera ya mabo yomangira kachisi wa Parthenon. Kuli akasupe, kuli mithunzi, ndipo usiku kumatsika mphepo yozizira yochokera kuphiriko. Kale, makina oziziritsa m'nyumba kulibe, zimenezi zinali chuma chenicheni.

Anthu anazitulukira kalekale. Herodes Atticus, mpondamatiki wa nthawi ya ulamuliro wa Aroma yemwe anaphunzitsapo mfumu Marcus Aurelius, anali ndi nyumba yake yopumulirako ku Kifissia. Ndi yemweyu anamanga bwalo lamasewero lili m'munsi mwa Acropolis, kaphiri ka pakati pa Athens komwe pali Parthenon, m'chaka cha 161, pokumbukira mkazi wake Regilla. Mlendo wake wina, mlembi wachiroma Aulus Gellius, anasimba za mitengo, madzi oyenda ndi kuzizira kwa pamalopo pamene kwina konse kunali ng'anjo.

Komabe Kifissia wa lero anayamba ndi njanji. Athens anakhala likulu mu 1834, ndipo m'zaka za m'ma 1870 banja lachifumu linagula malo opumulirako ku Tatoi, chakumpoto komweko. Kumene mfumu yapita, ofuna kuonekera nawonso amalondola. Vuto linali ulendo, chifukwa pangolo ya akavalo, m'fumbi, sunali wa tsiku lililonse. Mu 1885 kunabwera sitima ya malasha, yomwe anthu anaitcha Chilombo kaamba ka utsi ndi phokoso lake. Kuyambira pamenepo bambo ankatha kusiya banja kumtunda chilimwe chonse, iye n'kumatsikira ku ofesi. Sitimayo inaleka kuyenda mu 1938, ya magetsi inafika mu 1957.

Nyumba za nthawi imeneyo n'zodabwitsa, ndipo ine sindinganene kuti zonse n'zokongola. Ina ili ndi kansanja ngati linga la mafumu a ku Ulaya, ina denga losongoka ngati kumagwa chipale chofewa chaka chonse, ina nsanamira za makachisi akale. Mwini aliyense ankafuna kuonetsa kumene anayendako. Zimagwirizana pa chinthu chimodzi chokha: nyumba ili pakati, munda wauzungulira, mitengo n'kufungatira msewu. Chimene chimakopa maso ku Kifissia ndi malo osamangidwawo, osati makoma.

Ndalama zambiri zinachokera kunja, kwa Agiriki ochita malonda ku Alexandria (Egypt) ndi ku Constantinople (Istanbul wa lero). Emmanuel Benakis analemera ndi thonje la ku Egypt asanakhale meya wa Athens. Mwana wake, Penelope Delta, mlembi wotchuka wa mabuku a ana, ankakhala ku Kifissia, ndipo anamwa poizoni pa 27 Epulo 1941, tsiku lomwe asilikali a Germany analowa mu Athens. Anamwalira patapita masiku ochepa. Miyezi isanu ndi umodzi izi zisanachitike, m'bandakucha wa pa 28 Okutobala 1940, kazembe wa Italy Emanuele Grazzi anagogoda pa nyumba ya Ioannis Metaxas ku Kifissia komweko, kufuna kuti asilikali a Mussolini, mtsogoleri wa Italy, aloledwe kulowa m'dzikomo. Metaxas, yemwe ankalamulira mwankhanza kuyambira 1936, anakana, nkhondo n'kuyamba m'mawa womwewo. Mpaka pano 28 Okutobala ndi tchuthi ku Greece.

Funso lomwe limandisangalatsa kwambiri ndi lakuti, bwanji Kifissia sanamezedwe ndi konkire ngati madera ena? Nkhondo zitatha, anthu anakhamukira ku Athens kuchokera kumidzi, nyumba zinasowa, ndipo kunafala njira yotchedwa antiparochi. Mwini puloti ankapereka malo ake kwa kontilakita osalandira ndalama. Kontilakitayo ankagwetsa kanyumba kakale, n'kumanga mdadada wa mafulati osanjikizana, mwini malo n'kulandirako mafulati angapo, otsalawo n'kugulitsidwa. Mabanja ambirimbiri anapeza pogona popanda ngongole yakubanki, choncho njirayi sindingainyoze. Koma inatafuna minda ya mzindawo ndi nyumba zake zakale. Ku Kifissia nakonso inafika, kungoti eni malo ambiri sankapanikizika ndi ndalama, malamulo omangira sankalola kudzaza puloti yonse, ndipo pambuyo pake nyumba zina zinaikidwa pa mndandanda wa zotetezedwa. Mwachidule, wosauka anagulitsa mthunzi wake, wolemera anatha kuusunga. Kenaka utsi wa magalimoto utaipitsa mpweya wa pakati pa mzinda m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, omwe anali ndi kuthekera anasamukira kumpoto, ndipo dera la nyumba zachilimwe linasanduka pokhala pa chaka chonse.

Osaganiza kuti ndi olemera okhaokha. Chiyambire 2011, khonsolo ya Kifissia ikuphatikiza Ekali ndi Nea Erythraia. Ekali anakonzedwa m'zaka za m'ma 1920 kuti akhale dera la nyumba ndi minda basi, masitolo osaloledwa. Nea Erythraia, pafupi pomwepo, anayambitsidwa ndi othawa kwawo ochokera ku Asia Minor (m'dziko la Turkey la lero), ena mwa anthu oposa miliyoni imodzi omwe anafika ku Greece itatha nkhondo ndi Turkey mu 1922. Mapuloti awo anali aang'ono, nyumba zothithikana. Lero mitengo ya malo yakwera konsekonse, koma kukula kwa mapuloti kumaululabe amene anafika ndi chuma ndi amene anafika ndi kamtolo.

Pakati pa Kifissia masiku ano ndi masitolo a zovala zodula, malo omwera khofi ndi magalimoto osowa poima. Kuli nyumba yosungiramo zachilengedwe ya Goulandris, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo chaka chilichonse m'paki ya pa siteshoni mumachitika chionetsero cha maluwa. Nkhawa yaikulu tsopano ndi moto. Nkhalango za paini zomwe zimaziziritsa madera akumpotowa zimayaka msanga chilimwe chikauma. Mu Ogasiti 2021 moto unapsereza nkhalango ya ku Tatoi ndi Varympompi, ndipo mu Ogasiti 2024 wina unatsika phiri la Penteli mpaka kulowa m'madera a Vrilissia ndi Halandri. Eni mapuloti a m'mphepete mwa nkhalango akulamulidwa kulambula udzu wouma ndi kusadza mitengo chilimwe chisanafike, ndipo wonyalanyaza amalipitsidwa chindapusa.