Mafuta odzoza khanda: musatengeke ndi fungo

Khungu la khanda ndi lopyapyala kuposa la munthu wamkulu ndipo limauma msanga. N'chifukwa chake mu June ndi July, mwera ukamaomba, timasaya ndi timiyendo ta mwana timatuwa, mwinanso kung'aluka.

Mwana akangobadwa amakhala ndi zoyera zonanda pathupi. Musazipukute mokhula, zimateteza khungu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti papite maola 24 khanda lisanasambitsidwe koyamba. Kusupuka pang'ono m'masabata oyamba si matenda, kumatha kokha.

Pogula, ambiri timayamba tatsegula botolo n'kununkhiza. Komatu zonunkhiritsa ndi utoto ndizo zimayabwa ana akhungu losachedwa kutupa. Sankhani mafuta opanda fungo, monga Vaseline woyera wamba. Pewani a camphor, ndipo mafuta oyeretsa khungu asayandikire mwana n'komwe, chifukwa ena muli poizoni wotchedwa mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid omwe amalowa m'thupi. Paudala nayenso ayi: fumbi lake mwana amalipumira m'mapapo. Mafuta achilendo yambani mwapaka kadontho pamkono, mudikire tsiku limodzi. Pakafiira kapena kutuluka tiziphuphu, asiyeni, kaya munagula modula bwanji.

Nthawi yodzoza ndi pomwe mwangomusambitsa. Madzi akhale ofunda chabe, muwayese ndi chigongono, ndipo mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Sopo wochapira zovala si wosambitsira mwana. Muumitseni mogunditsa nsalu yofewa, osakhula, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Sambani m'manja, tikitani mafuta pang'ono m'zikhatho kuti afunde, kenako pakani khungu lidakali ndi kachinyezi. Mwana asachite kunyezimira ngati chitumbuwa. M'chilimwe cha mu October mafuta ochuluka amatsekera thukuta n'kubweretsa tizidzolo.

Pamchombo usanagwe musapakepo mafuta, phulusa kapena zitsamba, ngakhale agogo atanena. Pakaniponi mankhwala opha majeremusi a chlorhexidine okha ngati anamwino akupatsani. Kumatako, sinthani thewera likangonyowa ndipo muzimusiya kanthawi apitidwe mphepo.

Mafuta sachiza mphere kapena zipere. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira la sikelo, mukaona matuza, mafinya, mchombo wofiira kapena wonunkha, kapenanso mwana akatentha thupi kapena kukana kuyamwa.