Kompyuta ya mkuwa yopukusa ndi dzanja

Ndikamaphunzitsa za magiya ndimayambira pa njinga. Giya la mano 40 likamayendetsa la mano 20, laling'onolo limazungulira kawiri pamene lalikulu lazungulira kamodzi. Kumeneko n'kuwerengera kale, ngakhale palibe magetsi. Agiriki akale anafika nayo patali nzeru imeneyi.

Mu 1901, anthu ovuula katundu wa chombo chimene chinamira pafupi ndi chilumba cha Antikythera ku Greece anatulutsa chibulumwa cha mkuwa chodyeka ndi madzi amchere. Maso a onse anali pa ziboliboli zokongola za m'chombomo, mpaka mu 1902 pamene Valerios Stais, katswiri wofufuza zinthu zakale, anaona giya m'chibulumwacho. Chibulumwacho chinali makina akale. Lero kuli zidutswa zake 82 ndi magiya 30, zosungidwa ku Athens, ndipo zinapangidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Makinawa anali kabokosi kathabwa kokhala ndi chopukusira m'mbali. Ukapukusa, mivi ya kutsogolo inkaloza pamene dzuwa ndi mwezi zili pa tsiku limene wasankha. Kumbuyo kunali kalendala ya miyezi 235, yomwe ndi zaka 19, komanso ina ya miyezi 223 yolosera kadamsana. Giya lina lili ndi mano 223 ndendende, ndipo onsewo anawasema ndi manja. Ngakhale zaka za masewera a ku Olympia zinalipo.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya mwezi. Mwezi suyenda liwiro limodzi: ukayandikira dziko umafulumira, ukatalikira umachedwa. Giya wamba sangatsanzire zimenezi chifukwa amangoyenda mofanana. Mmisiri amene anapanga makinawa anasanjikiza magiya awiri a mano 50, koma pakati pawo sipanalunjikane, anapasemphanitsa pang'ono. Pa giya limodzi anaikapo kamsomali kolowa m'kampata ka linzakelo. Kamsomali kakakhala pafupi ndi pakati pa giya lachiwiri, giyalo limathamanga. Kakafika chakunja, limayenda pang'onopang'ono. Mwezi wa pabokosipo unkafulumira ndi kuchedwa monga wa kumwamba uja. Zimenezi zinamveka bwino atajambula mkati mwa zidutswazo ndi makina a X-ray mu 2005.

Amene analingalira kamsomali kameneka sanali wongoyamba kumene. Dzanja lake linali litazolowera ntchitoyi, ndipo ndimakhulupirira kuti panali makina ena otere amene mkuwa wake anausungunula n'kupangira zinthu zina. Awa anapulumuka chifukwa anali pansi pa nyanja.