Mphamvu ku anthu: momwe idayendera mpaka kufika ku Mchinji

Mjigo ukafa m'mudzi wina kwa Mkanda kapena kwa Mavwere, anthu amayamba atsutsana kaye asanaitane wokonza: tikauze khansala, a phungu, kapena tipite ku boma kwa DC? Kusokonekera kumeneku kuli ndi kumene kudachokera.

Makhonsolo adayamba ndi lamulo la atsamunda la 1953, boma lino likutchedwabe Fort Manning. Mu ulamuliro wa Kamuzu adalipo ndithu, koma ofooka. Chitukuko chinkalamulidwa kulikulu, ndipo komiti ya chitukuko pa boma inali m'manja mwa DC, akuluakulu a chipani ali pambali pake. Gawo la munthu wakumudzi linali kuumba njerwa ndi kututa mchenga, osati kusankha chomanga.

Zinthu zidayamba kusintha nthawi ya matipate. Mchinji idali imodzi mwa maboma 6 oyesererako dongosolo lakuti mapulani aziyambira kumudzi, pamodzi ndi Nkhata Bay, Dedza, Mangochi, Thyolo ndi Nsanje. Pamenepo ndi pomwe tidazolowera mayina a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu. Anthu amakhala pansi pa mtengo kwa agulupu, amayi mbali ino abambo mbali iyo, mlembi ali ndi kope pabondo, n'kumatsutsana kuti chiyambe ndi chiti, mlatho kapena nyumba ya mphunzitsi. Zomwe agwirizana zimapita ku ADC kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo. Mu 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo latsopano la maboma aang'ono, ndipo mu Novembala 2000 tidavotera makhansala.

Apa ndiye pomwe nkhani idapindika. Nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi khonsolo yopanda eni ake! Mwana amene adayamba sitandade 1 makhansala akuchoka adafika ku sekondale asanaonepo khansala. Mpando sukhala wopanda munthu, ndiye aphungu adakhalapo. Thumba la CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, lidabwera mu 2006, ndipo mu 2010 lamulo lidasinthidwa: aphungu adapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo, mawodi adachepetsedwa, ndipo DC adayamba kusankhidwa ndi nduna.

Choncho makhansala pobwerera mu 2014 adapeza anthu atazolowera kale kuti chitukuko n'cha a phungu. Ine ndimaona kuti mikangano yambiri ya masiku ano, yolimbirana kuti dzina la ndani lilembedwe pachikwangwani cha buloko ya sukulu, idabadwa m'zaka zimenezo, osati chifukwa anthu ake ndi oipa. Nkhaniyi idafika mpaka kukhoti, lomwe mu 2025 lidagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Za ndalama ndiye zidatsalira m'mbuyo. Zipatala, sukulu za pulayimale ndi alangizi a zaulimi zili pansi pa khonsolo tsopano, koma ndalama zambiri zoyendetsera zimadikirabe kuchokera ku Lilongwe, ndipo zikachedwa ambulansi imaima. Zomwe khonsolo imatolera yokha ndi monga za ziphaso za mabizinesi ndi matikiti a pamsika. N'chifukwa chake mayi wogulitsa tomato pa Kamwendo, akamapereka ya tikiti m'mawa uliwonse, amafunsa wotolerayo kuti chimbudzi cha pamsikapo chikonzedwa liti.