Chifukwa chake DX7 mumaipeza yaulere koma M1 amakulipiritsani

Amene anakulira m'kwaya kapena pafupi ndi wailesi kuno ku Thyolo ndi Mulanje amawadziwa mawu a makiyibodi a m'ma 1980, ngakhale mayina ake sawadziwa. Piyano ija ya mawu owala, onga a belu, imene imatsegulira nyimbo zodekha, inachokera ku Yamaha DX7 ya 1983. Ina ija youma, yogunda mwamphamvu, imene simira ngakhale ng'oma ndi besi zitakwera, ndi ya Korg M1 ya 1988. Ntchito yanga ndi kujambula nyimbo ndi kukonza zida zoimbira, ndipo makwaya ochokera ku Luchenza, ku Makwasa, ku Chitakale mpaka ku Limbuli amafunabe mawu omwewa mpaka lero.

Koma zida zenizenizo zikutha. Zapitirira zaka 35, ndipo nyengo yathu sizichitira chifundo. Chinyezi cha chiperoni chimalowa m'mabatani n'kuchititsa dzimbiri, mphemvu zimamanga mudzi pansi pa bolodi. Makiyibodi ena a Roland, monga JD-800 ya 1991, ali ndi guluu wofiira wogwira tizitsulo tolemetsa makiyi; kukatentha n'kuchita chinyezi guluuyo amasungunuka, amadonthera m'kati, makiyi n'kumamatirana. Zimenezo timatsuka. Koma chip chachikulu chopanga mawu chikapsa, palibe fakitale imene ikupanganso china.

N'chifukwa chake ambiri tinatembenukira ku laputopu. Mumalumikiza kiyibodi wamba ya MIDI (njira imene zida zoimbira zimalankhulirana ndi kompyuta), mumatsegula pulogalamu yotsanzira chida chakalecho, mawu aja n'kutuluka. Apa ndi pamene pamabwera funso limene anyamata ongoyamba kumene upulodyusa amandifunsa kawirikawiri: "Achimwene, DX7 ndinaipeza yaulere pa intaneti ndipo akuti n'zololedwa. Nanga M1 bwanji akufuna madola?" Yankho lake lagona pa momwe chida chilichonse chimapangira mawu.

M'kati mwa DX7 mulibe mawu ojambulidwa a piyano kapena a chida china chilichonse. Muli masamu okhaokha. Mu 1967 John Chowning wa pa yunivesite ya Stanford ku America anapeza kuti mawu osalala, onga likhweru, mukamawagwedeza ndi mawu ena mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi imodzi, khutu limasiya kumva kugwedezako n'kuyamba kumva mawu atsopano: belu, lipenga, nsambo ya besi. Njirayi imatchedwa FM. DX7 ili ndi timagawo 6 totulutsa mawu osalalawa, ndipo tingalumikizidwe m'njira 32 zosiyana, kena kugwedeza kanzake. Ndiye "piyano" ya DX7 ndi mndandanda chabe wa manambala: aka kagwedeze aka motere, kayambe mwamphamvu, kazilale chonchi. Mawu onse 32 amene chidachi chimasunga amakwana m'fayilo ya mabaiti 4,104, yochepa kutalitali poyerekeza ndi chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp.

Njira ngati imeneyi imatetezedwa ndi patenti, chikalata choletsa ena kugwiritsa ntchito zimene munthu watulukira popanda chilolezo chake, ndipo patenti sikhalitsa. Masiku ano m'mayiko ambiri ndi zaka 20. Stanford inali ndi patenti ya FM, Yamaha n'kugula chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 nthawi yake inatha. Kuchokera pamenepo aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu ali ndi ufulu wokhala pansi n'kulemba yakeyake yochita masamu omwewo, bola asakopere zimene a Yamaha analemba. Ndi mmene inabadwira Dexed, imene Pascal Gauthier anamanga pa injini yolembedwa ndi Raph Levien. Ndi yaulere, imawerenga mafayilo enieni a DX7, ndipo siifuna kompyuta yamphamvu. FM8 ya Native Instruments, imene amagulitsa, inadzera khomo lomweli. Taonani kuti onsewa anadzipezera mayina awoawo, chifukwa dzina la kampani ndi chizindikiro chake zili ndi chitetezo china chimene sichitha malinga mwini wake akuchikonzanso nthawi yake ikakwana.

M1 ndi nkhani ina. Akatswiri a Korg, kampani ya ku Japan, anatenga piyano yeniyeni, limba, malipenga, magitala ndi ng'oma, n'kuzijambula. Kenako anadula mawuwo tizidutswa, kuwasema, kufunafuna malo oti kachidutswa kazibwerezabwereza popanda khutu kumva msoko, mpaka zonse zitakwana m'chip chosungira chotchedwa ROM cha mamegabaiti 4 okha. Inali ntchito yaikulu, ndipo ndi imene inagulitsa chidachi, pafupifupi 250,000 padziko lonse. Roland D-50 ya 1987 inachita theka: inasunga tizidutswa 100 tojambulidwa, makamaka poyambira penipeni pa mawu, monga kugunda kwa nyundo pa nsambo kapena mpweya wa woimba chitoliro, zotsalazo n'kumazipanga ndi masamu.

Tsono wolemba pulogalamu angatsanzire zonse zimene M1 imachita pa mawuwo, kuwasefa, kuwapatsa mphamvu, kuwaika m'chipinda chomveka maungwe. Koma popanda mawu ojambulidwa aja pulogalamuyo ndi yosalankhula, ndipo mawuwo ali ndi mwini wake. Mukakhala pafupi ndi agogo n'kuona momwe amaphikira kalongonda, kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi owawawo kangapo, mukhoza kukaphika wanu kwanu ndipo palibe angakuimbeni mlandu. Kunyamula mphika wawo uli pamoto ndiye kuba. DX7 timaphika yathu. M1 simungaitsanzire osanyamula mphika.

Lamulo loteteza zojambulidwa ndi zolembedwa si la patenti ayi, ndi la umwini wa ntchito za luso, ndipo limeneli limakhalitsa zedi. Silifuna kuti munthu alembetse kaye. Ntchito ikangopangidwa, yatetezedwa. Pangano la Berne, limene dziko la Malawi linalowamo mu 1991, limati ntchito zambiri zitetezedwe moyo wonse wa mwini wake kuphatikizapo zaka zosachepera 50. Ku Japan kuyambira kumapeto kwa 2018 ntchito ya kampani imatetezedwa zaka 70 kuchokera pamene inatulutsidwa, ku America zaka 95. Werengani nokha: 1988 kuphatikiza 70 ndi 2058. Mnyamata wondifunsa uja adzakhala ali ndi zidzukulu.

Pali gulu lachitatu la mapulogalamu, ndipo ndi limene limandichititsa chidwi kwambiri monga wokonza zida. Makiyibodi ambiri a kumapeto kwa m'ma 1990, monga Access Virus ya ku Germany ya 1997, kwenikweni anali makompyuta aang'ono: chip cha Motorola cha mtundu wa DSP56300 chikuyendetsa pulogalamu yolembedwa ndi kampaniyo. Anthu ena odzipereka, odzitcha The Usual Suspects, sanavutike n'kutsanzira mawu a Virus. Anatsanzira chip cha Motorola chija, lamulo lililonse limene chimamvera, kotero kuti laputopu yanu imadziyesa chip chimenecho. Mukaipatsa pulogalamu yeniyeni ya m'kati mwa Virus, imachita masamu omwewo nambala ndi nambala, ndipo chotulukacho si chofanana chabe, ndi Virus yomwe. Anaitcha Osirus, ndipo ndi yaulere. Munt imachita zofananako ndi Roland MT-32 ya 1987, Nuked SC-55 ndi Roland SC-55 ya 1991.

Koma onsewa sakupatsani ROM, kutanthauza fayilo ya zimene zili m'chip chosungira cha chida chenichenicho. Mumatsitsa pulogalamu yovomerezeka bwinobwino, mumaitsegula, n'kukuuzani kuti ikani fayilo ya ROM. Pa tsamba lawo simuipeza, chifukwa akangoiika pamenepo maloya a kampani afika. Zoti mwini chida angakopere ROM ya chida chakechake kuti azigwiritsa ntchito yekha, malamulo a mayiko amasiyana. Zoigawira ena ndiye n'zoletsedwa poyera. Ndipo tinene zoona, kuno kwathu ndani ali ndi Virus m'nyumba? ROM imene ikuyenda m'mafulashi inalowera kuseri.

Makampani ena anaona msika n'kudzitsanzira okha. Korg inatulutsa M1 ya pa kompyuta mu 2005, ili ndi mawu enieni aja pamodzi ndi a m'makadi owonjezera amene kale ankagulidwa padera. Roland inatsegula Roland Cloud mu 2017, momwe muli D-50 ndi zida zina, poyamba molipira mwezi ndi mwezi, pambuyo pake n'kulola kugula chida chimodzi kamodzi kokha. Kwa munthu wa ku Tokyo kapena London vuto linathera pomwepo. Kwa ife mtengo uli m'madola, pamafunika khadi lolipirira kunja, ndalama zakunja ndi zosowa, ndipo pulogalamu yolipira pamwezi imafuna kulumikizana ndi intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikize kuti mwalipira. Situdiyo ya kumudzi, imene kwaya imasonkherana miyezi ingapo kuti idzajambule nyimbo zochepa, siingakhale pa ngongole ya madola mwezi uliwonse.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi zida zimene eni ake anaziiwala. Makiyibodi ambiri akale, kuphatikizapo ma PSR a Yamaha aja amene anatumikira m'matchalitchi athu zaka zambiri, alibe pulogalamu yovomerezeka yowatsanzira. Kampani siwapanganso, siigulitsa ROM yake, komanso siilola wina kuigawa. Lamulo la umwini linaikidwa kuti wopanga adye thukuta lake, koma apa palibe akudya kanthu. Mawuwo akungofa limodzi ndi mabolodi amene akuola. Ine ndimaona kuti kampani imene yasiya kugulitsa chida zaka 30 iyenera kuika ROM yake pa mtengo wochepa, wolipira kamodzi, kapena kuimasula kuti odzipereka aja aisunge. Siingaluze kanthu, ndipo mawu amene akatswiri ake anavutikira sangatayike.

Ngakhale zili choncho, mapulogalamu othyoledwa amene amayenda m'mafulashi sindiwaika pa kompyuta ya situdiyo, ndipo anzanga ndimawalangiza chimodzimodzi. Chifukwa choyamba n'chapafupi: ambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo amakonda kuzima pakati pa ntchito kwaya itaima kale pa maikolofoni. Chachiwiri n'chachikulu. Lamulo limene limateteza piyano ya Korg ndi la mtundu womwewo ndi limene limateteza ife. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa ntchito za luso la 2016, lolowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likutolerera oimba ndalama kuyambira 1992. Tonse timadandaula nyimbo zathu zikamathiridwa m'mamemore khadi pamsika popanda ife kuona ngakhale tambala. Pakamwa pamalemera kudandaula zimenezo pamene nyimboyo inapangidwa ndi chida chotengedwa mwanjira yomweyo.

Pali mantha ena amene ndiyenera kuwachotsa. Akulu a kwaya ena anandifunsa kuti, "Bambo, tikaimbira piyano ya M1 m'nyimbo yathu, ndiye kuti a Korg ali ndi gawo pa nyimboyo?" Ayi. Chida, kaya chachitsulo kaya cha pa kompyuta chogulidwa moyenera, chinagulitsidwa kuti muimbire, ndipo nyimboyo ndi yanu yonse. Choletsedwa ndi kujambula kiyi iliyonse payokhapayokha, kusonkhanitsa mawuwo n'kumawagulitsa kapena kuwagawa ngati chida chatsopano. Mafayilo a "M1 piano" amene amatumizidwa m'magulu a mapulodyusa ambiri ndi a mtundu umenewu.

Zaulere zovomerezeka zilipo zokwanira kugwirira ntchito. Dexed ikupatsani mabelu, mabesi ndi mapiyano onse a FM. Surge XT, yochokera ku Surge imene mwini wake anaimasula mu 2018, imapanga mawu otambasuka aja odzaza kumbuyo kwa kwaya. Piyano ya M1 yokha, ngati ndi imene mtima ukufuna, sonkhanitsani ndalama mugule kamodzi. Ndipo chimene a Korg anachita mu 1988 laputopu iliyonse lero ingachichite: maikolofoni imodzi yabwino, chipinda chachete, ng'oma za tchopa kapena sansi, mumajambula, mumadula, mumayala pa makiyi. Mawu ojambulidwawo amakhala anu. Gwirizanani kaye ndi woimbayo polemba, alipidwe, ndipo ngati mukutenga nyimbo kapena kaimbidwe ka makolo kuti mugulitse, funsani ku COSOMA, popeza lamulo lathu limaika umwini wa zachikhalidwe m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse.

Kwa amene muli ndi DX7 kapena M1 imene ikulirabe, mwina yofunditsidwa nsalu m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, pali ntchito imodzi yofulumira. Mawu amene munakonza kapena kulowetsamo amasungidwa ndi kabatire kakang'ono ka CR2032. Kakatha mphamvu, zilembo za pagalasi zimasokonekera ndipo mawuwo amapita onse. Pezani chingwe cha MIDI cholowa pa USB ndi pulogalamu yaulere yolandirira mafayilo a SysEx (mafayilo amene kiyibodi imatumiziramo mawu ake), monga MIDI-OX. Pa DX7 dinani FUNCTION kenako batani 8, musinthe kuti pagalasi palembe SYS INFO AVAIL, mudinenso 8 mpaka ifunse MIDI TRANSMIT, n'kuvomera. Pa masekondi ochepa fayilo ija ya mabaiti 4,104 ikhala ili pa laputopu, ndipo Dexed iitsegula nthawi yomweyo. Mukatero ndi pamene mungasinthitse batire. Pa DX7 ndi lowotchereredwa pa bolodi, choncho pitani nayo kwa munthu wodziwa kuwotcherera, ndipo mumupemphe aikepo kachotengera koti ulendo wina muzidzangolizula ndi chala. Pobwezeretsa mawuwo m'chida, muyambe mwazimitsa MEMORY PROTECT, apo ayi sichilandira.